Mwana Wokainga Mbalame

A Lawson anafika Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi. Belu la njinga yawo linayamba kumveka iwo akadali kuseri kwa migwalangwa, monga mwa chizolowezi chawo, poti anali munthu wosafuna kufika pakhomo anthu asanakonzeke kumulandira. Eveles anali kuthandala, akutembenuza usipa wa dzulo lake, ndipo atamva belulo manja ake anangoima okha. Anali mayi wa ana atatu, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo gombe lonse linkadziwa kuti pa malonda a nsomba palibe wogula wa ku Lilongwe amene angamupusitse. Koma malume akewa akamafika, ankafuna pobisala.

A Lawson anali mlongo wa mayi ake a Eveles, a Margret, ndiye kuti ndiwo anali mwini mbumba. Ukwati m'banjamo sunkamangidwa iwo asanavomere, maliro sankanyamuka iwo asanayankhule, ndipo mwana akadwala kwambiri uthenga unkafika kwa iwo ku Lifuwu bambo womubereka asanaganize n'komwe chochita. Pamwamba pa izo anali ndi kampando ku nthambi ya chipani kwawoko, ndipo m'chaka cha 1987 munthu wa kampando kotere sunkamutsutsa, ngakhale atanena kuti nyanja ili kumadzulo. Kutchalitchi ankakhala benchi yakutsogolo, jekete lili pathupi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ulemu ankadziwa kuuvala munthu uja, pamenepo tisawanamizire.

Anawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango. A Margret anagwada, Eveles anagwada, ndipo mng'ono wake Maria, amene nyumba yake inali yoyandikana ndi ya Eveles, anabweretsa madzi akumwa, n'kupereka moni wa mawu awiri, n'kuzimiririka kuseri kwa khitchini ndi khanda lake kumsana. Palibe anadabwa, poti Maria anthu anamuzolowera kuti ndi wosachezeka. Mateyu, mwamuna wa Eveles, anakhala chapatali pa chidutswa cha bwato lakale, akuyang'ana zala zakumapazi monga amachitira mkamwini wodziwa malo ake.

Anayamba ndi za mvula, za mwera umene unafulumira chaka chimenecho, za odwala a uku ndi uko. Kenaka a Lawson anafika pa chimene anadzera. Anati mpunga wawo wachita bwino, ngala zayamba kuwerama, koma mpheta zatsika ngati zachita kuitanidwa. Akazi awo nyamakazi yawagwira, ana awo onse ali m'tauni, ndipo amva kuti sukulu itsekera Lachinayi.

"Ndiye ndati ndidzatenge dzanja kuno kwathu," anatero. "Stela wakula. Akandiingire mbalame masabata atatu okha."

A Margret anayankha asanameze n'komwe malovu. Anati mwana ndi wawo, nanga munthu amachita kupempha chake? Stela, mwana woyamba wa Eveles, wa zaka khumi, anali ataima pakhomo akumvetsera, ndipo anayamba kudumphadumpha poti anali asanakwerepo njinga ulendo wautali. A Lawson anamuitana, n'kumugwira chibwano, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Eveles yemweyo ndendende, ali msinkhu uwu," anatero akumwetulira. "Ndidzamutenga Lachisanu m'mawa."

Zina zonse zimene zinayankhulidwa pamenepo Eveles sanazimve. Ankangoona dzanja lija pachibwano cha mwana wake. Anadzuka osatsanzika, chinthu chimene mayi ake anamukalipira nacho pambuyo pake, n'kupita kuseri kwa thandala.

Ntchito yoinga mbalame aliyense wa kuchigawo kuno amaidziwa, ndipo ndi ntchito ya ana. Mwana amafika kumunda m'mamawa, n'kukhala pachisakasa pakati pa mpunga, n'kumakoka chingwe chomangiriridwa zitini, kukuwa, kuponya zibuma, mpaka dzuwa kupendeka. Amakhala yekha. Mpunga ukatalika, munthu wodutsa pamsewu saona chilichonse, ndipo mwana akakuwa, aliyense amati akuinga mbalame.

Eveles anapitako ali ndi zaka khumi, sikimu ya mpunga isanabwere, malume ake akadalima m'dambo. Zimene a Lawson ankamuchita m'chisakasa muja sitizitchula mwatsatanetsatane pano. Ndi zimene mwamuna wamkulu sayenera kuchita kwa mwana, ndipo anamuchita masiku ambiri. Tsiku loyamba lomwelo anamuuza kuti akangotsegula pakamwa, mayi ake adzatupa miyendo n'kumwalira, ndipo wowapha adzakhala iyeyo. Mwana wa zaka khumi amakhulupirira zotere, makamaka m'mudzi momwe anthu amatupadi n'kufa, akuluakulu n'kumanong'onezana za mdulo.

Anabwerako ali wina. Sankadya, sankasewera, ankakodza pamphasa, ndipo mwamuna aliyense akatsokomola pafupi ankanjenjemera. A Margret, mayi wokonda ana ake ndithu, anachita zimene ankadziwa: anapita naye kwa sing'anga. Sing'angayo anaombeza n'kupeza kuti mwanayo anadumpha mankhwala amene wansanje wina anatchera panjira. Anamutema mphini pachifuwa ndi kumsana. Anthu anayamba kuloza zala mayi wina wosabereka wa kumapeto kwa mudzi, ndipo munthu wosalakwa uja anakalamba mpaka kumwalira palibe wokapala moto pakhomo pake. Nkhuku ya kwa sing'anga anapereka ndi a Lawson, ndipo mudzi wonse unati malume ngati amenewa ndi osowa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zinadutsa. Eveles anakula, anakwatiwa, anabereka, anaphunzira kuseka pagulu. Anzake ankamunena kuti amalera Stela ngati dzira, poti mwanayo akangochedwa pang'ono kuchokera kusukulu, mayi ake ankasiya wogula ataima pathandala n'kuuyamba wa kumsewu. Nzeru zake za munthu wamkulu zinkadziwa kuti za miyendo zija linali bodza. Komabe mayi ake akangodandaula kuti phazi likuwawa, mtima wake unkagunda ngati wagwidwa akuba. Ndipo pansi pa zonsezo panali maganizo amene sankamusiya, oti mwa ana onse a m'mbumba malume anasankha iye chifukwa anaona choipa china mwa iye.

Lolemba anayesa bodza. Anauza mayi ake kuti Stela ali ndi chifuwa, kuzizira kwa m'dambo kukamupweteka. A Margret anangoloza Stela, amene nthawi yomweyo anali kuthamangitsana ndi anzake pamchenga, akukuwa mawu omveka mpaka kumsika. Lachiwiri anati apite iye mwini m'malo mwa mwana. Mayi ake anaseka mpaka kugwira m'mimba: mayi wa ana atatu kukakoka zitini, usipa n'kuusiyira akhwangwala? Tsiku lomwelo pachitsime Maria anamufunsa, osamuyang'ana, ngati Stela akupitadi. Eveles anamuyankha mwaukali kuti aziona zake, ndipo Maria anasenza ndowa yake n'kumapita.

Chimene chinkamudula mtima Eveles koposa chinali chimwemwe cha mwanayo. Stela anatola zitini zitatu za mkaka kudzala, anaikamo timiyala, n'kuzimangirira pachingwe pakati pa khonde ndi mtengo wa mango kuti aziphunzira. Ankakoka chingwecho akukuwira nkhuku, n'kuthamangira kwa mayi ake kukafunsa ngati iwo ankakuwa choncho, ndiponso ngati agogo a Lawson amalola munthu kuliza belu. Mateyu naye, wosadziwa kanthu, ankaseka n'kumati chaka chino adya mpunga wa thukuta la mwana wawo.

Lachitatu Eveles anasowa chonamizira, n'kungoti sakufuna. Apo ndiye a Margret anapsa mtima. Anamufunsa ngati mwanayo anachita kumutola kuthengo, ngati alibe mbumba. Anamukumbutsa amene anaimirira pa ukwati wake, amene anamupulumutsa atalodzedwa. Anati kumana mwana mwini mbumba n'chinthu chimene sanachimvepo chibadwire, ndipo ngati malonda amukweza mapewa, adziwe kuti pamaliro ake sadzayankhula ogula usipa. Atatero anachapa okha madilesi awiri a Stela n'kuwayanika pachingwe pamene Eveles angawaone bwino.

Eveles anaganiza zothawa naye mwanayo. Koma kuti? Kwawo kwa Mateyu ku Nkhotakota akanawalandira tsiku limodzi, lachiwiri n'kuwabweza, poti mwana si wa kuchimuna. Kukanenera munthu wa kampando nkhani ya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, yopanda mboni, kunali kudziputira zina. Panatsala njira imodzi, yomwe anaiopa moyo wake wonse.

Lachinayi m'mawa, asodzi atabwerako kunyanja, Eveles anamupeza Mateyu pansi pa mkuyu akusoka ukonde. Mateyu anali munthu wofatsa, wosachedwa kuseka, amene ankakonda kunena kuti pamudzi pano anabwera ndi bulangete ndi nkhafi basi. Ataona mkazi wake akukhala pansi nthawi ya ntchito, anayamba kumuseka kuti kodi usipa nawo watsekera sukulu. Kenaka anamuyang'ana kumaso, n'kusiya.

"Bambo a Stela, ndikuuzani chinthu," anatero Eveles. "Musandidule mawu, chifukwa mukandidula sindidzachinenanso."

Anayankhula akuyang'ana ukonde. Mawu ake anatuluka ouma, ngati akunena za munthu wina wa kutali, ndipo sizinatenge nthawi. Anadabwa kuti chinthu chimene chinadzaza moyo wake wonse chinatha m'mawu ochepa chotero. Atamaliza anadikira. Ankadziwa zimene amuna ena amachita akamva zotere, amayamba kumuona mkazi ngati mbale imene wina anadyerapo.

Ulusi unagwa m'manja mwa Mateyu. Anaimirira, n'kukhala pansi, n'kuimiriranso.

"Amalume omwewa? Amene ndinawagwadira popempha ukwati? Amene ndimawasankhira chambo chachikulu akabwera?"

Eveles anavomera ndi mutu. Mateyu anapita kuseri kwa bango n'kusanza. Atabwerako maso ali psuu, anafunsa kumene kunali nkhwangwa, ndipo Eveles anamuuza kuti sanaulule zimenezi kuti ana ake akule bambo awo ali kundende. Mwamunayo anakhalanso pansi, ndipo kwa nthawi ndithu ankangopukusa mutu.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndikakukhudzani paphewa inu n'kudzidzimuka, ine ndinkati mwina ndi fungo la nsomba. Ndinkasamba kawiri."

Eveles anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira kumene sanalirepo chiyambire. Analira ngati kamwana, mamina ndi misozi, poyera, ndipo Mateyu sanamuletse. Anangotambasula dzanja n'kuliika pamchenga pafupi ndi la mkazi wake, osamukhudza, mpaka Eveles analigwira yekha. Kenaka anafunsa chimene iye angachite, poti pabwalo la mbumba mkamwini alibe pakamwa. Eveles anati mawa kukacha atenge ana onse atatu apite nawo kugombe la kumtunda, kwa Saida, mnzake wa malonda, ndipo asabwere mpaka atawatumizira mawu. Zotsalazo anati ndi zake.

Pochoka apo sanapite kuthandala. Miyendo inamutengera yokha kunyumba kwa mayi ake, mtima uli m'mwamba. Anawapeza a Margret akupeta mphale uku akukalipira nkhuku, miyendo yawo yowonda ili monga inalili dzulo. Eveles anaima n'kumaiyang'ana mpaka mayi ake anamufunsa ngati wayamba misala.

Lachisanu a Lawson anafika dzuwa litangokwera pang'ono. A Margret anali atamanga kale kamtolo ka Stela m'chitenje: madilesi awiri aja, kabulangete ndi mbatata zootcha zodya panjira. Anaitana Stela, osayankha. Anazungulira nyumba zonse manyazi atawagwira, akupepesa achimwene awo kuti ana a masiku ano ndi otero. Maria anali pamtondo chapafupi, akukonola chimanga, khanda lili kumsana. Eveles anatuluka m'nyumba mwake n'kudzaima patsogolo pa mpando wa malume ake. Sanagwade.

"Stela kulibe, ndamuchotsa ndine. Sapita ku Lifuwu."

A Margret anamuuza kuti agwade msanga, kodi akuyesa akuyankhula ndi ndani. Eveles anamva mawondo ake akufuna kumvera okha, koma anawalimbitsa.

"Amayi, chaka chija munapita nane kwa sing'anga, palibe anandilodza. Amalume awa ndiwo ankandigwiririra m'chisakasa, ndili ndi zaka khumi. Mwana wanga sakalowamo m'menemo."

Musi wa Maria unaleka kugunda. Amayi awiri amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima panjira.

A Lawson sanadzidzimuke, ndipo ichi n'chimene chinamuopsa Eveles koposa. Anaseka pang'ono, mwachisoni, n'kutembenukira kwa mlongo wawo. Anati mutu uja wamubwereranso mwanayu, ndipo ndi bwino kupita naye kuchipatala asanayambe kuvula zovala pamsewu. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti iwo monga kholo akhoza kukhululuka, koma mawu otere onenera munthu wa udindo ali ndi kumene amakayankhidwa, ndipo amene amapita kumeneko sabwerako msanga.

A Margret anamuwomba Eveles mbama, yoyamba chikulire chake, n'kugwada pamaso pa achimwene awo, akuwomba m'manja, akupepesa. Anatenga kamtolo kaja n'kukamangirira okha pakaliyala ya njinga. Eveles anaima tsaya likutentha, ndipo anaona kuti zatha: wanena, koma sizinathandize kanthu. Mayi ake anatembenukira kwa Maria n'kumutuma kuti athamange kugombe akamupeze Stela kulikonse kumene ali.

Maria sanasunthe. Anatsamiritsa musi pamtondo bwinobwino, n'kupukuta manja pachitenje. Sanayang'ane mayi ake kapena malume ake, anayang'ana mkulu wake.

"Achemwali," anatero, mawu ali pansipansi, "inunso anakuuzani kuti mukanena, amayi adzatupa miyendo n'kufa?"

Za miyendo Eveles sanazitchule pabwalopo. Ngakhale kwa Mateyu sanazitchule. Anamva ngati nthaka yapendekeka. Anakumbukira kuti patatha zaka zitatu iye atabwerako, a Lawson anabweranso kudzapempha dzanja, ndipo anatenga Maria, zaka ziwiri zotsatizana. Iye tsiku limenelo anabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kuthokoza Mulungu kuti dzina lake silinatchulidwe. Za Maria sizinamufikire m'mutu, poti ankakhulupirira kuti choipacho chinali mwa iye yekha. Zaka zonsezi ankagona nyumba zoyandikana, kutunga pachitsime chimodzi, aliyense atatseka pakamwa pake, aliyense akulondera miyendo ya mayi mmodzi yemweyo.

A Margret anayang'ana mwana uyu, n'kuyang'ana uyo. Ankadziwa bwino kuti ana awowa sankachezerana zakukhosi, ndiye bodza limodzi akanalipangana liti? Anawerama n'kuyang'ana miyendo yawo ngati ndi ya munthu wina.

"Munkawaopseza ndi ine?" anafunsa. "Achimwene, munkatseka pakamwa ana anga ndi imfa yanga?"

A Lawson anayamba kunena kuti apangana, kuti akazi a pakhomo pano onse ali ndi mutu umodzi, koma mawu awo anali atatha mphamvu. Panjira paja amayi anali atakwana asanu tsopano, ndipo palibe anatula ndowa kapena kupitirira. A Margret anadzuka, n'kupita panjinga, n'kuyamba kumasula kamtolo. Zala zinkawakanika, moti mfundo anachita kuimasula ndi mano.

"Stela sapita," anatero. "Ndipo ine ndikadzafa, musadzayankhule pamaliro anga. Musadzabwere n'komwe. Adzandiika akamwini anga."

Amene anakulira m'mudzi akudziwa kulemera kwa mawu amenewo, kuchokera kwa mlongo kupita kwa mwini mbumba, anthu akumva. A Lawson anaimirira, n'kukonza jekete, n'kunena kuti aona. Anakankha njinga kulunjika panjira pamene panali amayi aja, ndipo palibe mmodzi yemwe anawapatsa moni kapena kuwapatukira. Anachita kulambalala okha mumchenga.

Atapita, a Margret anakhala pansi pafumbi, kamtolo kali pamiyendo. Sanalire mokuwa. Ankangoyankhula, osadziwika ngati akuuza ana awo kapena akudziuza okha. Anati chaka chachiwiri chija Maria anakakamira mzati wa khonde, osafuna kukwera njinga, ndipo iwo anamumenya zala ndi mthiko mpaka anausiya. Anati anamunyamula okha n'kumukhazika pakaliyala. Ananena zimenezi katatu.

Maria sanawatonthoze, ndipo Eveles sanamuuze kuti atero. Zokhululukirana zinali za tsiku lina, mwina za chaka china. Eveles anangopita pamene panali mng'ono wake n'kumugwira zala, ndipo anaimirira choncho awiriwo. Mantha a zimene a Lawson angachite ndi kampando kawo analipo ndithu. Komabe Eveles anapeza kuti akupuma mpweya wofika mpaka pansi pa chifuwa, ndipo sanakumbukire kuti anapumapo choncho liti. Anapempha mmodzi wa amayi aja kuti akatula ndowa adutsire kwa Saida, akauze Mateyu kuti abwere nawo ana.

Mayiyo ndi amene ananena, mongodutsa, kuti koma njinga ija sinakhotere ku Lifuwu. Yalowera njira ya kumlatho.

Anayang'anana atatuwo. Njira ya kumlatho inkapita kutsidya kwa dambo, kumene kunkakhala Jenifer, mwana wa malemu mng'ono wawo wa a Margret. Jenifer anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, sukulu inali itatsekera kumenekonso, ndipo mpheta za ku Lifuwu zinali zisanaleke kudya mpunga. Kutsidyako a Lawson anali akadali mwini mbumba wolemekezeka, amene sachita kupempha kawiri.

A Margret anadzuka msanga kuposa mmene mawondo awo ankalolera. Anati njinga iyenera kuzungulira mpaka kumlatho, koma wapansi akadulira m'dambo amafika msanga, bola asaope madzi a m'chiuno. Maria anamasula khanda n'kulipereka kwa mmodzi wa amayi aja. Eveles anati mayi ake atsale, sangathe matope ndi mawondo amenewo, iye ndi Maria akwanitsa.

"Jenifer inu sakakumverani, akati ndinu ana anzake," anatero a Margret, akumanga chitenje m'chiuno. "Ndinakuperekani ndine. Ndikanena ndine."

Ananyamuka, mayi wokalambayo ali patsogolo, ndipo atafika pamene bango limayambira sanaime kuti akwinye zitenje. Analowa m'madzi choncho.